Ine ndi Mayi Malunga pa Njinga Yamoto Kupita ku Woodbridge

Zaka zisanu zoyambirira zimene ndinakhala ku Amerika ndinalibe galimoto. Ndinali ndi njinga yamoto yakale, yofiira, imene ndinagula kwa mnyamata wina wa ku yunivesite atamaliza maphunziro ake. Tinkakhala ku Wheaton, ine, mkazi wanga Esinati ndi mwana wathu Tadala. Ntchito ndinkagwira ku College Park, m'nyumba yosamaliramo okalamba. M'mawa uliwonse ndinkatsika ndi University Boulevard, kudutsa Langley Park, pakatha theka la ola ndafika. Kaya kuli dzuwa, kaya mvula, kaya chipale chofewa chija amati sinowo, ine pa njinga basi.

Ndinakulira ku Dedza, choncho ndinabwera ndikudzitama kuti chisanu ndimachidziwa. Cha kuno chinandionetsa kuti cha kwathu chija ndi kamwana. Komabe ndinaphunzira kukhala nacho. Pachifuwa ndinkaika nyuzipepala zakale mkati mwa jekete. Kumapazi ndinkavala masokosi awiri, pamwamba pake timatumba tapulasitiki ta buledi, kenako nsapato. Batire ya njinga inkagona m'nyumba pafupi ndi hita ngati mlendo wolemekezeka. Anzanga kuntchito ankandiseka, koma ine zinkandikomera. Msewu wa m'mawa kukagwa chipale umakhala zii, ndipo ndinkafika kuntchito tulo tonse titatha m'maso.

Ulendo umene sindiuiwala unachitika Loweruka lina mu Januwale, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Chipale chinagwa Lachinayi lonse ndi Lachisanu mpaka masana. Loweruka kunacha bwino, dzuwa lili phwee koma lopanda mphamvu. Misewu ikuluikulu anali atailambula ndi kuthira mchere, koma ing'onoing'ono inali yokwiririka, magalimoto akungooneka ngati zulu zoyera. Ine ndinali pa ofu. Ndikumwa tiyi, foni inalira.

Anali Mayi Malunga, mayi wa ku Chikwawa wa zaka zopitirira makumi asanu, amene tinkapemphera nawo limodzi. Ankakhala kufupi nafe, ndipo ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo.

"Bambo a Tadala, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Thupi ladzuka, koma mtima uli m'malere. Chinjinga chanu chija chimanyamula anthu awiri?"

Mayi amenewa Lamulungu lililonse ankandiuza kuti ndigulitse njingayo ndisanasiye mwana wamasiye.

Anafotokoza nkhani yake. Loweruka ndi Lamulungu ankasamalira gogo wina wachizungu ku Woodbridge, dzina lake Doris, amene sankatha kuimirira yekha. Mkati mwa sabata gogoyo ankakhala ndi Mayi Asiyatu, mnzawo wa ku Machinga. Lachisanu madzulo, Mayi Asiyatu akuti amunyamule gogo pampando kupita naye pabedi, msana unawagwira. Anayesa kawiri, osatheka. Gogo anagona pampando usiku wonse, ndipo mpaka nthawi imeneyo anali pomwepo. Ku ofesi yawo anati palibe amene angafike mpaka Lolemba. A ambulansi anati ngati munthuyo akupuma bwino adikire, chifukwa oitana anali ambiri. Mwana wa gogoyo ankakhala kutali, ulendo wa ndege. Mkamwini wa Mayi Malunga, amene ankawaperekeza masiku onse, galimoto yake inali itakwiririka. Sitima za ku Woodbridge siziyenda Loweruka, ndipo a takisi akangomva dzina la malowo ankadula foni.

"Inu ntchito iyi mukuidziwa," anatero. "Munthu wa zaka zimenezija akakhala malo amodzi masiku awiri, zilonda zimabuka. Zikabuka sizipola. Komanso Asiyatu ali pa swaumu, ndi mwezi wa Ramazani uno. Alibe mphamvu."

Ndinayang'ana Esinati, amene ankamvetsera ali chiimire pakhomo la kukhitchini. Anangotenga mulu wa nyuzipepala n'kuyamba kuzipinda, za anthu awiri.

Vuto loyamba linali helimeti. Ndinali nayo imodzi yokha. Ina inali kwa mnzanga Mulenga, wa ku Zambia, amene ankakhala ku College Park. Tinagwirizana kuti Mayi Malunga akwere basi mpaka kumeneko, ine ndizibwera pambuyo. Zinatikomeranso chifukwa msewu wa Route 1 umachoka ku College Park komweko, kudutsa mumzinda wa Washington, mpaka ku Woodbridge osakhota. Za msewu waukulu wa I-95 sindinaziganizire n'komwe. Mathiraki a mumsewu umenewo akanatiuluza ngati nkhuku.

Njinga inavuta kulira. Ndinabwezera batire, ndinathira madzi ofunda pa injini, ndinaponda kasanu ndi kawiri, ndiye inatsokomola n'kuvomera. Nditafika pa siteji ndinapeza Mayi Malunga atakhala kale pamenepo, atavala majekete awiri, chikwama chachikulu chili pachifuwa. Panalinso mayi wina wolankhula Chisipanishi atanyamula fosholo, ndi bambo wina wovala yunifolomu ya kuchipatala amene ankangodumphadumpha kuti afunde. Tinadikira mphindi makumi asanu. Njinga sindinaizimitse, kuopa kuti ikana kudzukanso, ndipo tonse anayi tinkasinthana kuotha manja pa injini. Mayi wa fosholo uja anatiuza ndi manja kuti akupita kukakumba galimoto ya mwamuna wake imene anaisiya ku Langley Park Lachinayi.

Basi itafika, Mayi Malunga anaponya dola ndi timakobiri m'bokosi, n'kukakhala mpando wakumbuyo kwenikweni. Ine ndinalondola m'mapazi a matayala a basiyo, mmene munali mouma. Nthawi zonse ndikakweza maso ndinkaona nkhope yawo pa zenera, akundiyang'anitsitsa. Titatsika ku College Park anandiuza kuti tayala langa lakumbuyo linavina katatu.

"Kanayi," ndinatero. "Kamodzi munali mukuyasamula."

Mulenga anatsegula chitseko atafunda bulangete. Anayang'ana ine, anayang'ana mayi, anayang'ana njinga.

"Bakamba, mufuna kuyenda ku Virginia na kanjinga aka? Manje manje so?"

"Tipatseni helimeti, a Mulenga, nthawi ikutha."

"Nizamipasani, koma mwamene nionela muzafika mailo, osati lelo. Bamayo, imwe simuyopa?"

"Ndikuopa kwambiri, mwanawe," anayankha Mayi Malunga. "Bweretsa chipewacho."

Helimeti inakana kulowa. Kumutu kwawo kunali duku, pamwamba pake chipewa chaubweya, pamwambanso sikafu. Anavula chimodzichimodzi akudandaula, mpaka kunatsala duku yokha. Kenako mkazi wa Mulenga anaona kuti mayi avala siketi ndi chitenje. Anawakokera kuchipinda. Kunamveka kukangana pang'ono, kenako kuseka. Mayi Malunga anatuluka atavala buluku lochindikala la Mulenga, chitenje atamanga pamwamba pake. Chibadwire anali asanavalepo buluku.

"Mukakanena kutchalitchi, ndidzakana," anandiuza.

Ndinawapempha kuti chitenjecho achikwinyire m'chiuno kuti chisakodwe mu tcheni. Ndinawalangizanso za pakona: ndikapendekera kumanja, iwonso kumanja, ndikapendekera kumanzere, iwonso chimodzimodzi. Ndipo andigwire m'chiuno.

"Mwamuna wa mwini ndimugwire m'chiuno? Ndigwira kachitsulo aka."

Tinanyamuka nthawi itangopitirira 10 koloko. Sitinayende ngakhale mtunda wa mabwalo awiri a mpira, tayala linagwa m'dzenje lobisika ndi madzi, ndipo manja awiri anandikumbatira mwamphamvu moti nyuzipepala zinalira pachifuwa. Sanandisiyenso mpaka ku Woodbridge.

Ku Hyattsville tinadutsa bwino, pang'onopang'ono, giya yachiwiri ndi yachitatu. Vuto linali makona. Njinga ikapendekera kumanja, Mayi Malunga ankaona ngati tikugwa, ndiye ankadzikokera kumanzere kuti atipulumutse. Ndinkakuwa kuti anditsatire, koma m'helimeti mawu samveka. Ku Mount Rainier, pafupi ndi malire a mzinda, panali kakona kamene madzi anaundana pansi pa mthunzi wa nyumba. Ine kumanja, iwo kumanzere, njinga inasankha njira yakeyake. Tinatsetsereka mwaulemu ndithu, n'kukagona mu mulu wa chipale m'mbali mwa msewu.

Ndinadzuka msanga. Mayi Malunga anali chagada, miyendo m'mwamba, chikwama chidakali pachifuwa. Mapewa awo ankagwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, koma nditatsegula galasi la helimeti ndinapeza akuseka mpaka misozi.

"Mwapweteka, amayi?"

"Ayi. N'kofewa ngati thonje la kwathu. Ndidzutseni anthu asanandione."

Ife tinalibe bala, koma njinga inavulala. Kachitsulo ka kilachi, kamene umakoka ndi dzanja lamanzere posintha giya, kanathyoka n'kutsala kachidutswa kosagwirika. Tinaikankha njingayo mpaka pa malo omwetsera mafuta amene tinawaona patsogolo. Munali bambo wina wa ku Ethiopia, wa imvi, atakhala pafupi ndi kahita. Anatuluka, anayang'ana kilachiyo, n'kupukusa mutu. Anati mng'ono wake ndi makaniko, ali ndi pulayala ina yokhoma imene ingagwire ntchito m'malo mwa kachitsuloko, koma makiyi a bokosi la zipangizo ali ndi iyeyo, ndipo akubwera wapansi.

Tinadikira ola lathunthu. Bamboyo anatipatsa mipando ndi tiyi wa zonunkhira amene anali mu fulasiki yake. Anatifunsa kwathu. Titati ku Malawi, anati ali ndi kasitomala wina wa kumeneko, ndipo atamufotokoza tinapeza kuti ndi munthu amene tonse tinkamudziwa. Mayi Malunga ankacheza, koma maso awo sankachoka pa wotchi ya pakhoma. Galimoto iliyonse ikadutsa ankaitsatira ndi maso mpaka itazimiririka.

Makaniko atafika sanataye nthawi. Anakhoma pulayala ija pa kachidutswa kotsala, anaimanga ndi waya, n'kundiuza kuti ndiyese. Inali yolimba kukoka, koma giya inkalowa. Anati ndidzabweze tsiku limene ndidzadutsenso, ndipo ndinakabwezadi patapita sabata. Tisananyamuke, wamkulu uja anawayitana Mayi Malunga n'kuwauza m'Chingerezi kuti asamayang'ane msewu, azingoyang'ana msana wanga, akhale ngati thumba la chimanga. Langizo limeneli analimva kuposa langa lija. Kuchokera pamenepo makona anayenda bwino.

Mumzinda wa Washington munali ngati mwasamuka anthu. Maloboti ankasintha okha popanda owamvera. Tinaona anthu akukoka ana pa timatabwa pakati pa msewu, wina akuyenda ndi galu wovala juzi. Zinyumba zikuluzikulu za boma zinadutsa m'mbali, ine osaziyang'ana n'komwe, chifukwa maso anali pa phula kufunafuna pouma.

Pa mlatho wa Potomac m'pamene ndinachita mantha enieni. Pamlatho madzi amaundana msanga, ndipo mphepo yochokera mumtsinje inkatikankha cham'mbali. Ndinatsitsa mapazi onse awiri kuti azikhwekhwereza pansi, buleki osaikhudza. Tili pakati, ndinamva kunjenjemera kwachilendo pamsana. Ndinayamba kuganiza kuti injini yavuta, kenako ndinazindikira kuti Mayi Malunga akuimba nyimbo ya kutchalitchi, helimeti ataitsamiritsa pakati pa mapewa anga. Mawu sindinkawamva, koma kayendedwe kake ndinakadziwa, ndipo ndinayamba kuvomera chamumtima. Titatsika mlatho nyimbo inali isanathe, ndiye tinaimaliza tili kale mu Virginia.

Pofika ku Alexandria zala zanga zinali zitafa. Pulayala ija ndinkaikoka ndi dzanja lonse ngati khasu, osamva kanthu. Ndinaona malo ochapira zovala ali otsegula, ndinakhota. Mkati munali motentha, mukununkhira sopo. Munali bambo mmodzi yekha, wakuda wa konkuno, akupinda matawulo. Tinavula magolovesi, masokosi, masikafu, n'kuziponya m'makina oumitsira zovala. Mayi Malunga anatulutsa timakobiri m'kachikwama kawo, makina anayamba kuzungulira. Tinakhala pa benchi opanda nsapato, mapazi titawagunditsa pa chitseko chofunda cha makinawo. Bambo uja anatiyang'ana, anayang'ana mahelimeti, n'kufunsa ngati tathawa kwinakwake. Titamuuza kumene tikupita ndi chifukwa chake, anasiya kuseka. Anatipatsa matawulo awiri otentha kuti tikulunge mapazi pamene tikudikira.

Pakhoma panali foni yoponya makobiri. Mayi Malunga anaimbira Mayi Asiyatu. Ine ndinkamva mbali imodzi yokha.

"Tili ku Alexandria, anzanga... Ee, pa njinga... Musaseke, msana ungapweteke... Wadya? Ngakhale phala?... Muikeni pilo mbali inayo, musamunyamule. Musayesenso. Tikubwera."

Anabwerera pa benchi nkhope itagwa. Anati gogo wakana chakudya, akungolira kuti m'chiuno mukuwotcha.

Tinakhala kanthawi tikuyang'ana masokosi athu akugubuduzika. Kenako anayamba kuyankhula, osandiyang'ana.

"Bambo a kwathu atamwalira, ndinaperekeza maliro kumudzi. Ndinakhalako masabata asanu. Ntchito ngati izi ukachoka masabata asanu umapeza pali wina. Asiyatu anagwira masiku ake ndi anga omwe, osapuma ngakhale tsiku limodzi, kuti malo anga asapite. Ine sindinamupemphe. Ndinangomva nditabwera. Kutchalitchi kwathu sabwera, ine kumzikiti kwawo sindinapondeko, koma amene uja ndi m'bale wanga."

Makina anaima. Masokosi anatuluka otentha moti ndinachita kutseka maso powavala. Pa zinthu zonse zokoma zimene ndakumana nazo m'dziko lino, masokosi a tsiku limenelo ali pamwamba. Tinadya mabisiketi amene mayi anali nawo m'chikwama, ndinasintha nyuzipepala zonyowa, tinabwerera pamsewu nthawi itakwana 2 koloko.

Kummwera kwa Alexandria msewu unayamba kuipa. Njira imodzi yokha ndi imene inali yolambulidwa, ndipo chipale chosungunuka chinkayamba kuumanso. Titadutsa mashopu n'kulowa m'dera la mitengo, ndinaona magetsi abuluu pa galasi. Ndinaima. Wapolisi anatsika, wamtali, wachinyamata, akupukusa mutu asanatifike n'komwe. Anaona laisensi yanga, anaona pulayala, n'kufunsa ngati ndikudziwa kuti wailesi ikuuza anthu kuti akhale m'nyumba.

Ndisanayankhe, Mayi Malunga anatsika, anakweza galasi la helimeti, anatsegula majekete onse awiri n'kumuonetsa yunifolomu yoyera ndi kakhadi ka ntchito. Anamufotokozera m'Chingerezi chawo chodekha, ngati akuphunzitsa Sande sukulu. Anamaliza ndi kumufunsa ngati agogo ake ali moyo. Wapolisi anati ali moyo. Mayi anangoti, "Ndiye mwamva."

Mnyamatayo anakanda pachipumi. Anati kutsogoloko kuli chitsikiro choterera kwambiri, magalimoto awiri agwera kale m'ngalande, sangatilole kupita tokha. Koma chigalimoto chothira mchere chikubwera kumbuyo, chikupita mpaka ku mtsinje wa Occoquan. Tichidikire, tizikachitsatira. Anawatsegulira mayi chitseko cha galimoto yake kuti akhale motentha. Anakhala kumbuyo, kumene amakhala omangidwa, manja ali pamwamba pa chikwama, akuyang'ana kutsogolo ngati nduna. Ine ndinatsala panja ndikuzungulira njinga kuti isazime. Theka la ola linatha. Dzuwa linali litayamba kupendeka, mithunzi ya mitengo itadutsa msewu.

Chigalimoto chitafika, wapolisi anayankhula ndi dalaivala wake, ndipo anatikodola kuti tilowe kumbuyo. Tinayenda liwiro la ngolo. Mchere unkawazika n'kumatimenya m'miyendo ngati timiyala, mkamwa monse muli mchere, galasi la helimeti ndikulipukuta ndi golovesi mphindi iliyonse. Koma pansi panali pogwira, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mapewa anga anamasuka. Tinadutsa Lorton tili m'mbuyo mwa chigalimotocho ngati ana a nkhuku. Magalimoto awiri aja tinawaona ali chafufumimba m'ngalande. Pa mlatho wa Occoquan dalaivala anakhota kuti abwerere, anatulutsa dzanja pa zenera n'kuliza hutala. Mayi Malunga anamasula dzanja limodzi, koyamba chinyamukire njinga ikuyenda, n'kumubayibitsa.

Woodbridge tinalowa nthawi ikuthamangira 4 koloko. Mayi ankandilozera njira pondimenya paphewa, lamanja kapena lamanzere. Koma titafika pa kamsewu kopita kwa gogo, tinapeza sikanalambulidwe n'komwe. Chipale chinali chofika m'mawondo, popanda ngakhale phazi la munthu. Njinga ndinaiimika pansi pa mtengo pakona, ndinachotsa batire n'kuiika m'jekete. Ndinatenga chikwama cha mayi, ndinatsogola ndikuponda njira, iwo akuponda m'mapazi mwanga. Nyumbayo inali yomalizira, kumapeto kwenikweni. Tinapuma katatu. Paulendo wonse, apa m'pamene ndinatuluka thukuta.

Chitseko chinatseguka tisanagogode. Mayi Asiyatu anali atapindika, atatsamira tsache ngati ndodo, maso ali ofiira. Anayang'ana mnzawo kuyambira ku helimeti mpaka ku buluku.

"Mwabweradi," anatero motsitsa.

"Ndinanena kuti ndikubwera. Awa ndi bambo a Tadala, nawonso ndi a ntchito yathu yomweyi."

Gogo Doris anali pabalaza, pa mpando waukulu, atazunguliridwa ndi mapilo. Anali wochepa thupi, tsitsi loyera lili nyankhalala, nkhope itatupa ndi kulira. Mayi Asiyatu anali atayesetsa. Anamupukuta, anamusintha zimene akanatha, anamufunditsa. Koma munthu anali atakhala pamenepo usiku ndi usana. Ndinaponya magolovesi pansi n'kupita kuti ndimunyamule nthawi yomweyo.

"Imani," anatero Mayi Malunga. "Manja amenewo mukufuna kumugwira nawo munthu? Mumuphetsa ndi chisanu."

Anatenga beseni kukhitchini, anathira madzi ofunda, n'kuliika pa tebulo. Tinaviika manja tonse awiri. Magazi atayamba kubwerera m'zala, ululu wake unali ngati wina akuzibaya ndi singano. Ndinaluma mano. Tinayenda maola onse aja tikuthamangira gogoyu, ndipo tsopano anali pafupi pomwepa, ife titaima manja ali m'madzi, iye akutiyang'ana.

"Bambo ameneyo ndi ndani?" gogo anafunsa m'Chingerezi, ndi mawu ang'onoang'ono.

"Ndi dalaivala wanga," anayankha Mayi Malunga.

"Uli ndi dalaivala tsopano?"

"Kuyambira lero."

Mayi anayesa dzanja langa pa tsaya lawo, anati lafunda. Ndinagwada, ndinamuuza gogo zimene ndichite, dzanja limodzi kumsana, lina pansi pa mawondo. Anali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Anabuula pang'ono, anandigwira kolala ya malaya. Ndinapita naye kuchipinda n'kumugoneka chammbali. Miyendo yake itawongoka pa matiresi, anatulutsa mpweya wautali, maso n'kutsinzina.

Ndinatuluka kuti amayi amusambitse. Ndili kukhitchini ndinaimbira Esinati kuti tafika, ndipo ndigona konkuno, ndibwerera mawa dzuwa likakwera. Patapita kanthawi Mayi Malunga anabwera akupukuta manja.

"Pafiira, koma khungu silinang'ambike," anatero. "Tikanafika mawa, bwenzi tikunena zina."

Mayi Asiyatu anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira m'mphepete mwa tebulo. Anangophimba nkhope ndi nsonga ya mpango wawo, ndipo tinawasiya choncho.

Dzuwa linalowa tili pomwepo. Mayi Asiyatu anayang'ana pa zenera, ananong'ona pemphero lawo, n'kumwa madzi. Ine ndinali nditatenthetsa supu wa m'chitini ndi kudula buledi. Mayi Malunga anadalitsa chakudya mwachidule, tinadya atatu. Anamufotokozera mnzawo za kugwa kwathu, za masokosi, za galimoto ya polisi, ndipo Mayi Asiyatu ankaseka atagwira msana, akupempha kuti asiye. Kuchipinda kunkamveka mkonono wa gogo.

Nkhani ili mkati, tinaona kuti Mayi Asiyatu sakuyankhanso. Anali atagona chokhala, chidutswa cha buledi chili m'manja. Mayi Malunga anawachotsera buledi uja, anawadzutsa pang'ono, ndipo tinawagwira uku ndi uku mpaka pa sofa. Anawaikira pilo pansi pa mawondo n'kuwafunditsa bulangete.

Kenako anayang'ana wotchi. Anatsegula chikwama chija, anatulutsa nsapato zawo zoyera za kuntchito, anakhala pampando n'kuzimanga zingwe bwinobwino.

"Maola awiri akwana," anatero. "Ndikamutembenuze."

Analowa kuchipinda kwa gogo. Ine ndinasonkhanitsa mbale n'kuyamba kutsuka, madzi ndikutsegula pang'ono kuti asasokose.